Nyerere Yoyang'ana Kumbuyo

Jombo ndi zimene zinamangitsa Atumani. Munthu woti chibadwire sanaponde m'nsapato, zala zakuphazi zotambasuka ngati za bakha, n'kupezeka ndi jombo za msilikali pansi pa mphasa tsiku lomwelo mtembo wa msilikali wavuuka m'bango pa doko la Chikundo. Ngakhale wapolisi waulesi akanamumanga, ndipo kunena zoona amene anamumangayo anali waulesi ndithu, kakonsitebo ka pa Lungwena kamene kanali katayamba kale kulota nyota pamkono.

Sajeni Jeremiya Nthala wa CID anachokera ku boma ku Mangochi pa lole yokatenga usipa. Mtembowo anauona dzulo lake usanalowe m'bokosi, ndipo sanalakelake kuuonanso. Nkhope inali itatha ndi nkhanu, kunkhongo kunali bala lalikulu, thupi litatupa mpaka mabatani a shati kufuna kuthothoka. Amene anauzindikira anali a Jenkins Chitanda, mwini ukonde waukulu wa chilimira pa dokopo, amenenso ankawerenga mawu m'tchalitchi cha Angilikani. Anangoyang'ana yunifolomu n'kunena kuti ndi mwana wawo Basil, dalaivala wa asilikali, amene anali ku Mozambique ndi gulu lolondera njanji. Bambo akati mwana ndi wanga, ndani angatsutse?

Jeremiya sanatsutse, koma maso ake anakanirira pa mapazi a mtembowo. Anali mapazi otakata, a ming'alu yakuya kuchidendene, ndipo phazi lamanzere linalibe zala ziwiri. Anthu anati ndi nkhanu zomwezo. Iye anangoti chabwino, n'kusunga nkhaniyo m'mutu.

Chaka chimenecho, 1989, msilikali kufera pafupi ndi malire sinali nkhani ya polisi wamba. Lamya inali itabwera kale kuchokera ku Zomba kuti lole imene yabweretsa asilikali ku maliro, pobwerera itengenso wakuphayo. Jeremiya anali atakhalitsa pa ntchitoyi mokwanira kudziwa tanthauzo lake. Munthu akakwera galimoto ya ku Zomba pa mlandu wonunkha chiwembu, abale ake sankadikira khoti, ankangogawana zovala zake. Maliro anali a masana omwewo. Ndiye kuti Atumani anatsala ndi m'mawa umodzi, ndipo Jeremiya, amene analibe naye ubale uliwonse, analawirira m'mamawa kukamuona.

Anamupeza m'kachipinda kosungiramo njinga zolandidwa, atakhala pansi, mlomo utatupa. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, mapewa a munthu wokoka ukonde. Anavomera zonse zimene sizikanamupha. Inde, ankagwira ntchito m'bwato la a Jenkins kuyambira ali mnyamata. Inde, iye ndi Basil anakulira limodzi, wina wa ku mzikiti wina wa ku tchalitchi, koma mbale imodzi. Inde, jombozo zinali za Basil.

"Wallahi, bwana, ine kupha ayi. Anachita kundipatsa mwini wake, ndi manja awiri."

"Liti?"

Apo Atumani anayang'ana pansi. Jeremiya anamukumbutsa kuti Basil sanabwere ku tchuthi chiyambire dzinja, ndipo jombozo zinali ndi matope ofiira a ku Katuli, cha kumalire, amene anali asanathothoke. Anamuuzanso za lole ija, osamubisira kanthu, chifukwa nthawi yonyengerera inalibe. Atumani anamvetsera mpaka kumapeto, thukuta likutsika m'khosi.

"Ndinalumbira, bwana. Pakamwa panga pali mfundo," anatero. "Koma musadandaule. A Jenkins abwera kudzandinenera. Iwo aja ndi bambo anga, anandilera m'bwato. Sangandisiye."

Jeremiya anamuyang'ana ndipo anamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, monga umamvera ukaona mbuzi ikutsatira mwini wake kumsika. Kutali, cha kunyumba ya a Jenkins, amayi a mpingo anali atayamba nyimbo za maliro, ndipo panjira yonse yochokera kumeneko panalibe munthu wobwera ku polisi.

* * *

Amene anabwera anali msilikali. Anadzitchula kuti Sitafu Sajeni Davide Lipenga, ndipo analowa mu ofesi ngati ndi yake, n'kuima njo pansi pa chithunzi cha pakhoma. Ankafuna shati ya malemu, imene apolisi anasunga ngati umboni, kuti akaiyale pabokosi pamodzi ndi chisoti. Anati ndi mwambo wa gulu lawo, ndipo analibe nthawi yokambirana.

Jeremiya anamukhazika pansi, n'kumufunsa kuti gulu lawolo ndi la ntchito yanji. Msilikali ukamufunsa za gulu lake, waiwala kale kuti wafulumira. Davide anafotokoza kuti iwo si aja oonekera pa pereti. Iwo ndi onyamula. Ufa, dizilo, mankhwala, zipolopolo, madzi, makalata a akazi awo, zonse zimene msilikali wa kutsogolo amadya kapena kuwombera zimadzera m'malole awo. M'gululo muli madalaivala, amakaniko, ophika, omanga milatho ndi onyamula ovulala. Madzi osefukira akadula misewu ndi iwo amakafika ndi chimanga, ndipo tsopano ndi iwo ankayenda m'mbali mwa njanji kutsidya kwa malire, m'misewu yokwiriridwa mabomba.

"Anzathu amatiseka, amatitcha anyerere," anatero Davide. "Tinalivomera dzinalo. Mfuti yopanda ife ndi ndodo chabe. Katundu wathu sanabwererepo panjira."

Za Basil analankhula motsitsa mawu. Mwezi wathawo malole awo anagwa m'manja mwa zigawenga pa mlatho wina. Basil anayendetsa lole yake matayala ataphulika, ovulala atadzaza kumbuyo, mnzake wa pampando atafera pamiyendo pake, mpaka anakafika nayo ku kampu. Sanalankhule ndi munthu tsiku limenelo. Kutacha anzake anapeza bedi lake lili lokha. Akuluakulu anali atatsala pang'ono kumulemba kuti wathawa nkhondo, pamene uthenga wa mtembowu unafika.

Jeremiya anatulutsa shatiyo m'kabati n'kuiyala patebulo. Inali ikununkhabe. Davide anaitambasula mwaulemu, kenaka dzanja lake linaima.

"Ndani wachita chipongwe ichi?"

Ankaloza baji ya pamkono, kansalu kobiriwira kokhala ndi nyerere yakuda itasenza njere ya chimanga, pansi pake mawu akuti Tifikitsa. Kwa Jeremiya inali baji ngati baji ina iliyonse. Koma Davide anati baji imeneyo imakhala mkono wamanzere, mbali ya mtima, ndipo anaijambula dala kuti ikakhala kumeneko nyerere iziyang'ana kumene munthuyo akupita. Apa inali pa mkono wamanja, ndiye nyerere inkayang'ana kumbuyo, ikubwerera ndi katundu. Anati ngakhale rikuluti wa sabata imodzi sangalakwitse zimenezo, chifukwa angadumphe ngati chule kuzungulira bwalo mpaka dzuwa kulowa.

Jeremiya anatembenuza mkono wamanzere. Pamenepo panali kabwalo koderapo kumene dzuwa silinaulukitse nsalu, ndi timaulusi tobiriwira todulidwa ndi lumo. Anatembenuza wamanja kunja kukhala m'kati. Bajiyo sinasokedwe ndi ulusi wa telala. Inamangidwa ndi ulusi woyera wa ukonde, ndipo pa ngodya iliyonse panali mfundo yaing'ono yolimba, yopotedwa kawiri, yonga ya munthu amene wasoka maukonde moyo wake wonse.

Davide anayesa kunena kuti mwina wakuphayo ndiye ananyoza mtembo. Jeremiya anamufunsa ngati anamvapo za chigawenga chimene chimapha munthu, n'kukhala pansi ndi singano kumusokera baji. Anamufunsanso kuti msilikali angadule baji yake pa chifukwa chanji. Davide anayankha kuti munthu amatero akafuna kudutsa m'midzi osadziwika gulu lake.

"Sajeni," anatero kenaka, akupinda mkono wa shatiyo kuti baji ibisike, "wakufa sathawa usilikali. Mnyamata uja akalowa m'manda lero, alowa ndi mbendera. Akapezeka kwina akupuma, ndi khoti la asilikali, ndipo tsitsi lake lidzachita imvi ali m'ndende. Ine pamkonopa sindinaonepo kanthu, ngati inunso simunaone."

"Nanga uyu ali m'chipindamu?"

"Ameneyo si wa gulu langa," anayankha Davide, koma sanathe kumuyang'ana m'maso. Anawonjeza kuti belu la tchalitchi likangolira anyamula bokosi, ndipo akawombera mfuti pamanda lole inyamuka.

* * *

Jeremiya anakana kupereka shatiyo. Anaikulunga m'nyuzipepala, n'kuikwapatira, ulendo wa ku doko. Dzuwa linali litakwera ndipo mchenga unkawotcha kudzera m'nsapato. Tsikulo palibe bwato linalowa m'madzi chifukwa cha maliro. Alovi, anyamata okoka chilimira, anakhala pamthunzi wa mathandala oyanikapo usipa, ndipo atangomuona onse anasanduka ogontha. Anawafunsa ngati mwera wa sabata yathayo unagubuduza bwato lililonse. Wina anati sakumbukira, wina anati anali ku Malindi, wachitatu anayamba kutokosa m'mano. Zaka zimenezo munthu wanzeru ankadziwa kuti maso ndi ake koma pakamwa ndi pa boma.

Ukonde wa a Jenkins unali utapachikidwa pa mitengo. Jeremiya anayenda m'mbali mwake, akugwira zigamba. Osoka anali ambiri ndipo aliyense ndi dzanja lake, koma zigamba zina, zaudongo kuposa zonse, zinkathera pa mfundo yopotedwa kawiri ija. Sanafunse kuti ndi za yani. Anangoona mmene alovi aja anasiyira kupuma iye ataima pamenepo.

Akuchoka, anamva mawu kumbuyo kwake akuti, "Ambuje." Anali mayi wamng'ono thupi, ndowa yamadzi pamutu, nsalu yothaitha. Ankatunga madzi a ophika ku maliro, ndipo zinkaoneka kuti wayenda maulendo ambiri chifukwa bulauzi yonse inali itanyowa. Anati dzina lake ndi Mwanabibi. Anathawa nkhondo kwawo ku Mozambique, n'kulowera ku Katuli ndi mwamuna wake Che Uladi. Analibe khadi la chipani ngakhale pepala lililonse, ndipo kuyandikira wapolisi kunamutengera kulimba mtima kwa masiku angapo. Chichewa chake chinali chopindika, cha munthu woganiza m'Chiyao.

Che Uladi anapeza ganyu m'bwato la a Jenkins. Tsiku la mwera lija analowa m'madzi ndi anzawo, koma sanabwere. A Jenkins anamuuza okha mayiyo kuti mwamunayo anatsikira doko lina n'kupita ku Makanjira ndi asodzi ena, kumene usipa ukugwidwa wambiri, ndipo abwera mwezi ukaoneka. Anamupatsanso ufa ndi utaka, anthu abwino aja. N'chifukwa chake iye anabwera kudzathandiza pa maliro a mwana wawo.

"Koma ambuje, chikofia chawo chili pa msomali. Tasibihi yawonso, mikanda yopempherera, ili pomwepo. Mwamuna apita ulendo mutu uli pamtunda? Ine kugona ayi. Mwina inu a boma mufunse kumeneko."

Jeremiya anamufunsa kuti akafunsa, akati munthuyo ngooneka bwanji. Mayiyo anati ndi wamtali, wakuda, salankhulalankhula. Kenaka anatsitsa dzanja limodzi kuchoka pa ndowa, n'kuloza phazi lake lamanzere. Anati kumeneko Che Uladi alibe zala ziwiri, zinapita ndi bomba akulima kwawo.

Jeremiya sanamuuze pomwepo za mtembo uja. Anangomuuza kuti asatalikire pa nyumba ya maliro. Mayiyo anathokoza pogwadira pang'ono, madzi n'kutayikira pamapewa, ndipo anapitiriza ulendo wake kukapereka madzi kwa anthu ophikira maliro a mwamuna wake.

* * *

Pa nyumba ya a Jenkins panali anthu ngati pa msonkhano wa chipani. Bokosi linali pakhonde, litakutidwa mbendera, asilikali ataima mbali zonse. Amayi a Mabel, make Basil, anakhala pamphasa pakati pa amayi a mpingo. Anzawo ankalira mpaka mawu kusasa, koma iwo maso anali gwa, ouma ngati mwala. Anthu ankanong'onezana kuti chisoni chikakula misozi imatsekeka. Jeremiya anaima pang'ono kuwayang'ana, ndipo anaona kuti maso awowo sankapita ku bokosi. Ankangothawira kuseri, ku khumbi lowambiramo nsomba, limene linalibe utsi ndipo chitseko chake chinali chomangidwa kunja.

Jeremiya anawapeza a Jenkins kuseri komweko, pansi pa mtengo wa mango, atavala jekete lakuda ndi kabaji ka chipani pachifuwa. Anali nkhalamba yowongoka, ya manja aakulu. Anamulandira Jeremiya mwaulemu wa munthu wozolowera kulandira ansembe, n'kumupatsa mpando. Jeremiya anapepesa maliro. Anati wabweretsa shati ya malemu kuti iyalidwe pabokosi, koma baji yasosoka pang'ono ndipo iye za usilikali sazidziwa bwino. Kodi imayenera kukhala mkono uti?

"Kumanja, mwanawe, nanga kuti?" anayankha a Jenkins osaganiza n'komwe. "Chinthu chaulemu sichikhala kumanzere. Timadyera lamanja, timalandirira lamanja. Ngakhale Mwana akhala kudzanja lamanja la Atate. Lamanzere ndi la kuthengo."

Jeremiya anamasula nyuzipepala ija. Anawaonetsa kabwalo koderapo ka mkono wamanzere, kenaka nyerere yoyang'ana kumbuyo, kenaka mfundo zija. Sanakweze mawu. Anawauza kuti mfundo zomwezo waziona pa chilimira chawo, ndipo akuzionanso apo pa chingwe cha chitseko cha khumbi. Anawauzanso za mayi wa ndowa ndi chikofia cha pa msomali.

A Jenkins anayang'ana manja awo nthawi yaitali, ngati ndi a munthu wina amene wawapereka. Atayamba kulankhula, analankhula bwinobwino, monga powerenga kalata ya Paulo. Basil anafika wapansi kudzera ku Katuli, atadula baji n'kuibisa m'thumba, ataonda, akunjenjemera akangomva injini. Atumani ndiye anamutola m'bango cha kumtunda n'kumubweretsa pa bwato atamufunditsa ukonde, ndipo Basil anamupatsa jombo zija pothokoza. A Jenkins anamulumbiritsa Atumani kuti asadzatsegule pakamwa. Patangopita masiku ochepa kunabwera mwera. Bwato linapendekeka, Uladi anamenyetsa mutu pa thabwa n'kumira. Palibe anamupha. Nyanja itamubweza, a Jenkins ndiwo anayamba kumuona, nkhope itatha kale.

"Ndinati Mulungu wandipatsa nkhosa yogwidwa m'chiyangoyango, monga anachitira kwa Abrahamu," anatero. "Munthuyo anali atafa kale, wopanda dziko, wopanda pepala. Ndinamuveka zovala za mwana wanga. Ndinaona kuti shati yopanda chizindikiro sakhulupirira, ndiye ndinasoka. Za jombo sindinaziganize."

Jeremiya anati nkhosa ya Abrahamu inalibe mkazi wotunga madzi. Anatinso wakufayo ndi Msilamu, woyenera kusambitsidwa ndi anthu ake n'kukulungidwa m'sanda, osati kukhomeredwa m'bokosi pansi pa mtanda wa dzina la mwini. Koma zonsezo anati zikhale apo. Nkhani inali ya Atumani, amene pa nthawi yomweyo anakhala pakati pa njinga zolandidwa akuuza aliyense kuti a Jenkins abwera.

Koma nkhalambayo sinagonje. Inati Basil atamva kuti Atumani wamangidwa anafuna kutuluka kukadzipereka, n'chifukwa chake inamanga chitseko. Inati yapemphera usiku wonse kuti boma limukhululukire Atumani pakusowa umboni. Jeremiya anawauza mosapsatira kuti kumene lole ija ikupita sikufunsidwa umboni.

"Ndikupatsani mpata," anatero Jeremiya. "Imirirani nokha belu lisanalire. Mukanena ndinu, ndidzalemba kuti munabwera mwa kufuna kwanu, ndipo mwana wanu adzatuluka ngati munthu wodzipereka. Zimachepetsa."

"Atumani ali ndi abale asanu ndi mmodzi, amayi ake sakhala okha," anayankha a Jenkins. "Ine ndili ndi mmodzi. Chibale n'fupa, mwanawe. Ukadzabala udzandimvetsa."

Jeremiya anali ndi ana atatu ku Mangochi, ndipo chimene chinamuopsa n'chakuti anawamvetsadi. Pomwepo belu la tchalitchi linalira. A Jenkins anadzuka, anakonza jekete lawo, n'kupita kukatsogolera bokosi.

* * *

Jeremiya anatsala pampando paja, shati ili pamiyendo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anakhala pamkhate weniweni. Kungokhala chete kunali kosavuta. Msilikali wamkulu anali atamulonjeza kale kuti sanaone kanthu, a ku Zomba anali ndi munthu wawo, mudzi unali ndi ngwazi yake, ndipo iye akanakwera lole ya usipa madzulo n'kukagona kwake. Kulankhula kunali kuchititsa manyazi akuluakulu amene anatumiza mbendera, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo sankaiwala wowachititsa manyazi. Kunalinso kutumiza ku ndende mnyamata amene anapulumutsa anzake pa mlatho. Anachita mantha, ndipo sanadzinamize kuti sakuchita.

M'khumbi muja munamveka kukhosomola kotsekereza ndi dzanja. Jeremiya sanapiteko. Anadzuka n'kuzungulira nyumba.

Asilikali anali atasenza kale bokosi pamapewa. Kutsogolo kunali mtanda, kenaka a Jenkins ndi buku lawo la mapemphero, kenaka amayi a mpingo atagwirizira a Mabel. Davide anaona Jeremiya akubwera ndi shati m'manja yosakulunga, ndipo anapukusa mutu pang'ono, momupempha. Jeremiya anamudutsa. Anadutsanso a Jenkins. Anapita mpaka kumpanda, kumene anthu osakhala a mpingo anaima kupereka njira, ndipo pakati pawo panali Mwanabibi ndi ndowa ina yodzaza pamutu.

Anaima patsogolo pake n'kuvula chipewa. Nyimbo inayamba kuzilala, chifukwa anthu sanaonepo wapolisi akuvulira chipewa mayi wothawa nkhondo.

"Tulani ndowa, mayi," anatero, mokweza kuti onse amve. "Maliro awa ndi anu. M'bokosimo muli Che Uladi."

Mayiyo sanatule. Anayang'ana Jeremiya, anayang'ana bokosi, kenaka anayang'ana a Jenkins, amene anamupatsa ufa ndi utaka. A Jenkins anatsitsa maso pa buku lawo, ndipo pamenepo ndi pamene anakhulupirira. Ndowa inagwa yokha. Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwake kunali koyamba koona pa maliro amenewo, ndipo kunali m'Chiyao, kutchula dzina limene panalibe analiimbira nyimbo. Anathamangira bokosi n'kuyamba kukoka mbendera, asilikali osadziwa choti achite mpaka Davide anawalamula kuti atsitse pansi.

Kuseri kunamveka chitseko chikumenyedwa. Chingwe cha a Jenkins sichinaduke, mfundo zawo sizinkaduka, koma thabwa ndilo linathyoka. Basil anatulukira pakona ya nyumba ali wopanda nsapato, mwaye wa nsomba thupi lonse, ndevu zosameta, maso akuphethira ndi dzuwa. Amayi ena anathawa poyesa mzukwa. Iye anayenda molunjika kwa Davide, anaima njo, n'kupereka sawasha.

"Ndabwera, Sitafu," anatero. "Atumani mumutulutse. Jombo ndinamupatsa ndine."

Davide anabweza sawashayo pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Kenaka anachita zimene lamulo linkafuna, ndipo anazichita yekha, osalola wina kumugwira mnyamatayo. Jeremiya anakodola kakonsitebo kaja, kamene kanaima kukamwa yasa, n'kukauza kuti kathamange kukatsegula chipinda cha njinga. Anakauzanso kuti pobwera kadzere ku mzikiti kukaitana ashehe, chifukwa pali Msilamu wofunika kusambitsidwa dzuwa lisanalowe.

Atumani anafika lole itayamba kale kulira. Anabwera wapansi, mlomo uli chitupire, ndipo sanathokoze Jeremiya ngakhale ndi maso. Anaona Basil atakhala kumbuyo kwa lole pamalo amene anakonzera iye, unyolo uli m'manja. Anaona a Jenkins ataima pambali pa Jeremiya, buku la mapemphero litalandidwa. Anawayandikira, n'kuwauza motsitsa mawu kuti iye sananene kanthu, lumbiro lake lili chimangire. Atumani anadikira pang'ono, kenaka anapita kukagwira ngodya ya bokosi pamodzi ndi amuna a ku mzikiti, n'kulitembenuza kuti liyang'ane njira ya ku mzikiti.

Lole inakwera kamtunda ka ku msewu wa ku Mangochi, fumbi lili koboo. Amayi a Mabel anali chiimire pakati pa bwalo, pamene amayi a mpingo anawasiya. Masiku awiri onse anakhala pambali pa bokosi osagwetsa msozi, anthu n'kumawatama kulimba mtima. Lole itabisika kuseri kwa migwalangwa, anakhala pansi pa dothi lonyowa ndi madzi a ndowa ija, anamasula duku, n'kuyamba kulira mwana wawo.